Njati ikamabwera, chipolopolo sichiibweza m'mbuyo: tiwerengere limodzi

Njati imadya udzu basi. Imabzikula ngati ng'ombe ya kwa agogo, ndipo mukaiona chapatali itagona pamthunzi mukhoza kuganiza kuti ndi ng'ombe yakuda imene yasochera. Koma nyama yomweyi imathyola nthiti za mkango, ndipo alenje onyamula mfuti zikuluzikulu amaiopa kuposa zilombo zambiri zodya nyama. Mu Ogasiti 2025 mlenje wina wa ku America anaphedwa ndi njati imene ankailondola m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, chonsecho anali ndi mfuti komanso anali limodzi ndi anthu odziwa tchire. Ndiye nyama yopanda mano akuthwa, yopanda zikhadabo, imatani kuti ikhale yoopsa chonchi? Mbali yaikulu ya yankho ili m'kope lanu la fizikisi. Tengani cholembera.

Njati imene tikukamba ndi ya kuno ku Africa, imene asayansi amaitchula kuti Syncerus caffer. Musaisokoneze ndi njati ya ku Asia imene mumaiona pa zithunzi ikulima m'minda ya mpunga. Ya ku Asia ija anthu anaiweta kalekale, pamene yathuyi sinakhalepo chiweto. Ilipo ku Liwonde, ku Majete, ku Lengwe, ku Vwaza ndi ku Kasungu, ndipo m'chigwa cha Luangwa ku Zambia mumapezeka magulu a njati mazanamazana. Nkhunzi yaikulu imalemera kuyambira makilogalamu 500 mpaka pafupifupi 900. Mkango waukazi, umene nthawi zambiri umagwira ntchito yosaka, umalemera makilogalamu ngati 130, ndipo wamphongo wamkulu sapitirira kwenikweni 200. Sungani manambala amenewa, tiwafuna posachedwa.

Kulemera kuphatikiza liwiro

Njati ikatsegula liwiro imapitirira makilomita 50 pa ola. Tisinthe kaye kuti tikhale ndi mamita pa sekondi, paja timagawa ndi 3.6, ndipo tikupeza pafupifupi 14 m/s. Kuti muone kukula kwa nambala imeneyi, Usain Bolt atathamanga mamita 100 mu masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, pamene anathamanga kwambiri anangopitirira 12 m/s pang'ono. Ndiye za kuthawa njati pabwalo loyera, iwalani. Ngakhale mnzanu uja amene amapambana mpikisano wa pasukulu chaka chilichonse sangathe.

Tsopano momentum. Mukukumbukira kuti p = mv, kulemera kuchulukitsa ndi liwiro. Titenge nkhunzi yapakatikati ya makilogalamu 700:

p = 700 × 14 = 9,800 kg m/s

Nambala payokha siopsa munthu, ndiye tiifanizire ndi chinthu chimene mumachidziwa. Njinga yamoto ya kabaza itanyamula anthu awiri, zonse pamodzi zingalemere makilogalamu ngati 250. Ikamathamanga pa liwiro lomwelo la 14 m/s ili ndi momentum ya 3,500 kg m/s. Njati imodzi ikuyandikira njinga zitatu zoterozo zitamangidwa pamodzi, kutsogolo kwake kuli nyanga.

Kinetic energy nayo ndi ½mv², ndiye ½ × 700 × 14 × 14 = 68,600 J. Apa ndikuchenjezeni pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amalakwitsa poganiza kuti majulo onsewa amalowa m'thupi la amene wagundidwa. Ayi. Njati ikagunda chinthu chopepuka siiima, imapitirira ndi mphamvu zake zambiri. Kuti tidziwe zimene zimachitikira wogundidwayo tigwiritse ntchito lamulo lakuti momentum yonse isanachitike ngozi imafanana ndi momentum yonse ngozi itachitika.

Tinene kuti mkango waukazi wa makilogalamu 130 waima, njati yaugunda n'kuunyamula. Kulemera konse tsopano ndi 830. Liwiro la zonse ziwiri likhala 9,800 ÷ 830, zomwe ndi pafupifupi 11.8 m/s. Mwaona? Njati yangotsika kuchoka pa 14 kufika pa 11.8, ngati kuti yangopunthwa pang'ono. Mkango wachoka pa 0 kufika pa 11.8 m/s m'kuphethira kwa diso. Tiyerekeze kuti kugundako kwatenga masekondi 0.2. Force ndi kusintha kwa momentum kugawa ndi nthawi:

F = (130 × 11.8) ÷ 0.2 = 7,670 N

Kumeneko ndi kulemera kwa matumba 15 a chimanga a makilogalamu 50, onse atatsamira pa nthiti nthawi imodzi. Nambala ya 0.2 ija tangoisankha kuti tiwerengere. Mukaichepetsa kukhala 0.1, force ikuwirikiza kawiri, ndipo n'chifukwa chake kugundidwa ndi chinthu cholimba kumapweteka kuposa kugundidwa ndi chofewa: cholimba chimamaliza ntchito yake mwachangu. Kwa munthu wa makilogalamu 60, masamu omwewa akupereka liwiro la pafupifupi 13 m/s, lofanana ndi liwiro limene munthu amafika nalo pansi akagwa kuchokera pamwamba pa mamita 8.

Nyanga imodzi, ntchito ziwiri

Pamutu pa njati ndi pamene ndimapakonda kwambiri, chifukwa fomyula imodzi yomweyo, P = F ÷ A, ikugwira ntchito ziwiri zotsutsana.

Nyanga ya njati mkati mwake ndi fupa, kunja kwake ndi keratin, chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zanu. Imatsika m'mbali mwa mutu, kenako n'kupindikira m'mwamba ngati mbedza, kumapeto kwake n'kusongoka. Titenge force ya 5,000 N, yocheperako kuposa imene tapeza ija, ndipo tinene kuti nsonga ya nyanga ndi sikweya sentimita imodzi, kapena kuti 0.0001 m². Pressure ikhala 5,000 ÷ 0.0001 = 50,000,000 Pa. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa mpweya wa 220,000 Pa kapena chapompo. Nsonga ya nyanga ikuposa pamenepo maulendo oposa 200. Khungu la pamimba pa mkango silingapirire zimenezo.

Njati siingolasa n'kusiya. Imalowetsa nyanga kunsi n'kutukula mutu ndi minofu ya khosi lake lalifupi, lonenepa lija, ndipo chimene chakodwacho chimauluka. Kukweza mkango wa makilogalamu 130 mamita awiri m'mwamba kumafuna mgh = 130 × 10 × 2 = 2,600 J basi. Fanizirani ndi 68,600 J ija. Kwa njati ndi chenji.

Pakati pa mutu zinthu zikutembenuka. Nkhunzi ikamakula, matsinde a nyanga ziwiri amafutukuka mpaka kukumana pamphumi, ndipo ikafika zaka ngati 7 kapena 8 amakhala atauma gwa ngati chipewa chachitsulo. Alenje amatcha chipewa chimenechi kuti boss. Nkhunzi ziwiri zikamalimbirana zazikazi zimagundana mitu pamenepa. Force ndi yaikulu zedi, koma A nayonso ndi yaikulu, ndiye pressure imatsika, mphamvu ija n'kumwazikira m'chigaza ndi m'khosi m'malo molunjika pa ubongo. Ndi nzeru yomweyo ya helemeti ya wanjinga yamoto, komanso ya nkhata imene amayi amaika pamutu akamasenza ndowa. Kunsonga A yaing'ono kuti iboole, pakati A yaikulu kuti iteteze. Mukadzakumana ndi funso la pressure pa mayeso a MSCE, kumbukirani mutu wa njati.

Nanga mikango imatha bwanji?

Imatha ndithu. Njati ndi imodzi mwa nyama zimene mikango imakonda kusaka kumene zilipo zambiri, chifukwa imodzi yokha imakhutitsa gulu lonse. Koma taonani mmene imachitira. Siipita kutsogolo. Umodzi umasokoneza njati chakumaso uli patali ndi nyanga, ina n'kudumphira kumbuyo, kukakamira m'matako ndi pamsana kuti iigwetse. Kuigwetsako ndiye ntchito. Njati ili ndi miyendo yaifupi yolimba ndi thupi lalikulu lotsika, ndiye centre of gravity yake ili pafupi ndi nthaka, pakati pa miyendo inayi yotalikirana. Munaphunzira kale kuti chinthu chimagwa pokhapokha mzere wotsika kuchokera pa centre of gravity utatuluka kunja kwa pamene chaimapo. Kupendeketsa makilogalamu 700 mpaka afike pamenepo kumafuna mikango ingapo, kapena wamphongo wamkulu. Ku Kruger ofufuza anaona kuti mikango yamphongo, imene anthu amainena kuti ndi yaulesi, imasaka njati kwambiri kuposa yaikazi.

Ikaigwetsa nkhani sinathe. Khosi la njati ndi lalikulu moti mano a mkango sangalithyole, ndiye mkango umaluma pammero kapena kutseka mphuno ndi pakamwa ndi kamwa lake kuti njati ibanike. Kubanika kumatenga mphindi zambiri, ndipo nthawi yonseyo njati ikulira. Kulira kumeneko ndiye vuto la mikango, chifukwa gulu limamva.

Nyama zambiri zodya udzu mnzawo akagwidwa zimathawa, zikafika patali n'kuyambanso kudya ngati palibe chachitika. Njati kawirikawiri zimabwerera. Chitsanzo chotchuka ndi kanema wa Battle at Kruger, amene alendo anajambula mu Seputembala 2004 pa dziwe lina ku Kruger National Park, n'kudzaikidwa pa YouTube mu 2007. Mikango inagwira mwana wa njati n'kugwera naye m'madzi. Ng'ona inamuluma mbali ina, mikango ikukoka mbali ina, mpaka mikango inapambana n'kumutulutsa. Kenako gulu lonse la njati linabwerera lili phewa ndi phewa, imodzi inanyamula mkango ndi nyanga n'kuuponya m'mwamba, ina yonse inabalalika, ndipo mwana uja anadzuka n'kulowa pakati pa gulu. Ngati muli ndi bandulo, mphindi 8 zimenezo si zotaya.

Njati zimathanso kuyamba zokha ndewu. Zikamva fungo la mikango zimaithamangitsa, nthawi zina mpaka kuikweza mumtengo, ndipo zikapeza ana a mkango atabisidwa m'tchire zimawapondaponda.

Chimene anthu ambiri saganizira n'chakuti mkango sufunika kufera pomwepo kuti uluze. Chilombo chodya nyama chimadya ndi thupi lake: miyendo yothamangira, nsagwada yolumira. Njati yothyoka nthiti ikhoza kupitiriza kudya udzu, poti udzu suthawa. Mkango wothyoka nsagwada kapena mwendo umawonda tsiku ndi tsiku, ndipo ukakhala wopanda gulu loti uzidya nawo, njala imaumaliza. N'chifukwa chake mikango imasankha: ana, njati zodwala, zofooka ndi njala kumapeto kwa chilimwe udzu utauma, ndiponso nkhunzi zokalamba zimene zasiya gulu. Mikango itabwezeretsedwa ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, njati za m'nkhalango ziwirizi zinayambanso kukhala ndi mdani amene zinali zitamuiwala.

Mfuti ndi bodza la m'mafilimu

Pano ndiye pali fizikisi yokoma. M'mafilimu munthu akawomberedwa amauluka chagada n'kukagwera pa tebulo. Tiyese ngati zingatheke ndi njati.

Mayiko angapo amene amalola kusaka njati amafuna mfuti yosachepera mtundu wa .375. Chipolopolo chodziwika cha mfuti ya .375 H&H chimalemera magalamu ngati 19.4, kapena kuti 0.0194 kg, ndipo chimatuluka pa liwiro la pafupifupi 770 m/s. Kinetic energy yake ndi yaikulu, majulo ngati 5,800, chifukwa liwiro lija timalichulukitsa lokha kawiri. Koma momentum yake?

p = 0.0194 × 770 = pafupifupi 15 kg m/s

Njati ija inali ndi 9,800. Kusiyana kwake ndi maulendo oposa 600. Chipolopolo chikalowa m'chifuwa cha njati imene ikubwera n'kukhala momwemo, liwiro la njati litsika ndi 15 ÷ 700, zomwe ndi 0.02 m/s. Kuchoka pa 14 kufika pa 13.98. Kukankha kwa chipolopolo kuli ngati kuponyera minibasi yothamanga mpira wa miyendo. Ndipo lamulo lachitatu la Newton likutiuza kuti sizingatheke mwanjira ina: mfuti imakankha phewa la woombera ndi momentum yosachepera imene chipolopolo chatuluka nayo. Chipolopolo chotha kugwetsa njati chagada chikanayamba chaulutsa mwini mfutiyo.

Choncho chipolopolo chimaimitsa nyama m'njira ziwiri zokha. Yoyamba ndi kuwononga ubongo kapena msana, thupi n'kuzima nthawi yomweyo ngati mwathimitsa switchi. Yachiwiri ndi kuboola mtima kapena mapapo, magazi n'kutayika mpaka ubongo utasowa mpweya. Njira yachiwiriyi imafuna nthawi. Ngakhale njati itatsala ndi masekondi 5 okha a moyo, pa 14 m/s ndi mamita 70. Mlenje amakhala pafupi kuposa pamenepo.

Yatsala njira yoyamba, ndipo ubongo wa njati ndi waung'ono poyerekeza ndi mutu wake, uli kuseri kwa chipewa cha nyanga chija, pamutu umene ukukwera ndi kutsika nyama ikamathamanga. Njati imabwera itatukula mutu, mphuno ili patsogolo, ikuyang'ana amene ikumufuna, ndipo imaweramitsa mutu itafika kale. Chipolopolo chikamenya nyanga mopendekeka chikhoza kupatuka. Tsopano onjezani nthawi. Njati imene yafika kale pa liwiro lake imadutsa mamita 20 mu 20 ÷ 14 = masekondi 1.4. Ubongo wa munthu umadya pafupifupi kota ya sekondi kuti ungolamula dzanja kuti liyambe kuyenda. M'sekondi imodzi yotsalayo akweze mfuti, alunjike, awombere. Akaphonya, mwayi wa chipolopolo chachiwiri ndi wochepa kwambiri. Mawu akuti Big Five amene mumawaona pa zikwangwani zokopa alendo anachokera kwa alenje, ndipo sankanena za kukula. Ankanena nyama zisanu zoopsa kuzisaka wapansi: njovu, chipembere, mkango, kambuku ndi njati.

Alenje amakonda kunena kuti njati ndi yanjiru, kuti ukaivulaza imazungulira n'kukakudikira panjira kuti ibwezere. Ine mawu akuti njiru sindigwirizana nawo. Njati yovulala imathawira m'zitsamba zothithikana kapena m'mabango, n'kuima kapena kugona itayang'ana kumene yachokera, chifukwa kumeneko ndi kumene adani akubwerera. Munthu akamalondola magazi mpaka kufika mamita khumi, nyamayo yatopa, ikumva ululu, ndipo kuthawanso sikuthandiza. Chatsala ndi kumenya. Imachita chimodzimodzi ndi mikango. Njati zathanzi zili pagulu zikamva fungo la munthu nthawi zambiri zimayang'ana, kufwenthera, n'kuthawa.

Zoopsa kwambiri ndi ziwiri. Yoyamba ndi nkhunzi zokalamba zija zimene zimakhala zokha kapena ziwiri zitatu m'mphepete mwa mitsinje, zikugudubuzika m'matope. Kum'mwera kwa Africa amazitcha dagga boys, dzina lochokera ku matope amene amauma pathupi pawo. Zimagona m'malo obisika, ndiye munthu amazidzidzimutsa ali pafupi kale. Yachiwiri ndi njati yovulala, ndipo apa nkhaniyi ikutikhudza ngakhale ife amene sitinagwirepo mfuti. Kuno kwathu njati zambiri zimavulazidwa ndi misampha ya waya, ija ena amati khwekhwe. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, alonda a nkhalango anachotsamo misampha yotere yoposa 30,000. Msampha wotchera gwape susankha. Njati ikakodwa imatha kudula waya kapena kuzula chimene waamangapo, n'kumayenda ndi waya wolowa m'mnofu wa mwendo kwa masabata. Amene adzakumane nayo kawirikawiri si amene anatchera uja. Ndi mlonda wa nkhalango, mayi wotola nkhuni, kapena mnyamata amene wadutsa njira yachidule pochokera kusukulu.

Ngati mumakhala m'malire a nkhalango n'kumva kuti njati yatuluka, musapite kukaonerera, ndipo musathandize nawo kuithamangitsa ndi agalu ndi miyala. Uzani a mfumu kapena akuluakulu kuti aitane alonda a nkhalango. Mukakumana nayo mwadzidzidzi isanayambe kubwera, bwererani pang'onopang'ono osakuwa, maso anu akufufuza mtengo wolimba, chifukwa njati sikwera mumtengo.

Mtengowo ukhale pafupi bwanji? Tiwerengere. Tinene kuti inu mumathamanga 6 m/s, njati 14 m/s, ndipo ili mamita 40 kumbuyo kwanu. Sekondi iliyonse mpata ukuchepa ndi 14 − 6 = mamita 8, ndiye ikupezani pakatha masekondi 5, inu mutathamanga mamita 30. Koma kukwera kumafunanso nthawi. Mukafuna masekondi 3 kuti mapazi anu afike pamene nyanga sizifika, mwatsala ndi masekondi 2 othamanga, kutanthauza kuti mtengo usapitirire mamita 12. Tsopano bwerezani nokha masamuwa njati ili mamita 25, kenako pezani mtunda wochepetsetsa umene ungakupatseni mpata wokwera ngakhale mtengo uli pambali panu pomwepo.